Malo Anga pa Lole ya Achemwali

Sonkhezani motowo, musachite nawo umbombo ngati nkhunizo munakatema ndinu. Ndipo wofuna kuseka asekeretu ndisanayambe, chifukwa nkhani iyi ine sindiseka nayo. Ndikamaikamba mtima umawira.

Ndine Yotamu, mwana wa malemu a Lufeyo, aja anali mkulu wa mpingo pano pa Nsipe. Kuti ndine kathyali, sindikana. Sukulu ndinalekeza tsiku limene aphunzitsi anapisa dzanja m'thumba mwawo kufuna choko n'kugwira nanzikambe. Ndinagulitsapo munthu tambala wake yemwe, iye n'kumathokoza kuti ndamutsitsira mtengo. Zimenezo ndi zanga, ndipo ndimazinyadira. Koma kathyali naye ali ndi ulemu wake. Chimene wachita amachidziwa, ndipo akamakwapulidwa amadziwa chimene akukwapulidwira. Chimene sindingapirire ine ndi kusenzetsedwa mtolo wa wina.

Nyumba yathu mukuikumbuka, ija inali m'mbali mwa msewu moyang'anana ndi chigayo. Bambo anaimanga chaka chimene ndinabadwa, ya njerwa zootcha, yamalata, yoyamba kukhala ndi siling'i m'dera lonse lino. Makolo atatisiya tinatsalamo atatu: achemwali anga a Enelesi, amuna awo a Thawale, ndi ine. Mkazi wanga anali atanyamuka kalekale ndi mapoto ake, akuti anatopa ndi kupepesa anthu m'malo mwanga.

Kenaka kunabwera anthu okulitsa msewu. Anapaka chizindikiro chofiira pakhoma n'kunena kuti tisamuke mvula isanagwe. Achemwali ndi alamu anali atamanga kale nyumba ku Balaka, ndipo kuseri kwa khitchini kunali kachipinda kamodzi, ka windo limodzi, ka simenti pansi. Kachipinda kameneko ndiko kanali chiyembekezo changa chonse. Munthu wamsinkhu wanga, wopanda munda, wopanda mkazi, amene theka la mudzi limamusungira chakukhosi, akanapita kuti?

Tsiku loyamba kulongedza achemwali anandikhazika pansi.

"Iwe Yotamu, kachipinda kaja ndi kako. Koma ndikangoona chibwana chako ngakhale chimodzi tikulongedza muno, loleyo udzangoionera fumbi. Wamva?"

Ndinamva. Ndipo ndikukuuzani pamaso pa moto uno, ndinasanduka mwana wa nkhosa. Manja ndinkayenda nawo kumbuyo. Ndinkamanga makatoni, ndinkakulunga makapu m'manyuzipepala, mpaka alamu anandifunsa ngati ndikudwala.

Nyumba imene anthu akhalamo moyo wonse imabisa zambiri. Kuseri kwa kabati tinapeza ndodo ya bambo imene tinkati inapita nawo kumanda. Pansi pa bedi la amayi panali sutikesi yachitsulo, ndipo pansi penipeni pake panali zovala za khanda zopindidwa bwinobwino. Chodabwitsa chinali chakuti chilichonse chinali chiwirichiwiri: timasokosi tofanana, timatewera tofanana, timakapu tiwiri tamalata tofanana. Kachipewa koluka kokha ndiko kanali kamodzi. Achemwali anati mwina amayi ankagula zosinthira, n'kutseka sutikesiyo mofulumira kuposa mmene anaitsegulira.

Zovuta zinayamba ndi zingwe. Madzulo tinkamanga makatoni ndi chingwe cha khonje, mfundo zolimba zofuna mano pomasula. Kukacha tinkapeza makatoni ali otseguka, chingwe chitakulungidwa bwino n'kuikidwa pamwamba, ngati wochitayo akufuna kuti timuyamikire. Ndipo m'katoni iliyonse munkasowa kanthu kamodzi. Osati kamtengo wapatali ayi. Supuni imodzi. Chivindikiro cha ketulo. Nsapato imodzi ya alamu, yakumanzere, ija amavala popita kutchalitchi. Wakuba weniweni amatenga zonse ziwiri. Nsapato imodzi ungapite nayo kuti?

Maso onse anali pa ine. Ndinalumbira, ndinatchula manda a amayi, koma fisi ngakhale akhute bwanji, mbuzi ikasowa amatchula iye. Achemwali anandipisa m'matumba ngati mwana woba shuga, ine munthu wa imvi m'ndevu. Alamu anangoyamba kugona ndi nsapato yotsalayo kumutu.

Kenaka mayi Nachisale, aja amagulitsa tomato pafupi ndi chigayo, anandiimitsa m'mawa wina n'kundifunsa kuti ndapeza njira yanji yachidule. Akuti ndinawadutsa kupita kumsika, ndipo asanamalize kuunjika tomato ndinawadutsanso kupita kumsika komweko, osandiona ndikubwerera. Ndinawauza kuti achepetse kulawa za azakhali anga, paja azakhali amatcheza kachasu. Sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ulendo woyambawo ndinalibe jekete.

Tsono jekete limenelo muyenera kulidziwa. Linali lachikopa, lofiirira, la ubweya m'khosi, ndinalipeza pansi penipeni pa belo la kaunjika ku Ntcheu. Kuzizire, kutenthe, silinkachoka pathupi panga. Ana ankandizindikira nalo ndili kutali. Ndinawauza mayiwo kuti wopanda jeketeyo sanali ine.

"Ndi zimene ndikunenazo," anatero, n'kubwerera ku tomato wawo.

Nyumba ikachepa katundu, phokoso lililonse limamveka. Dzuwa likamalowa, nthawi imene malata amathetheka pozizira, m'siling'i munkamveka chinthu chikugubuduka. Makoswe timawadziwa, amathamanga ndi timiyendo. Ichi chinalibe miyendo. Chinkati gudubu, gudubu, pang'onopang'ono, kuchokera kuchipinda kwa malemu amayi, n'kudzaima pamwamba penipeni pa mutu wanga. Ndikasuntha kupita pakhomo la kukhitchini, chinkadikira kaye, kenaka gudubu, gudubu, n'kudzaimanso pamene ndaima. Alamu anati ndi khoswe wamkulu akukoka chitsononkho. Achemwali anandigwira manja n'kuwatembenuza, kufunafuna ulusi umene ndikukokera chinthucho. Atausowa anati ndiye kuti ndaumanga kuchala chakuphazi.

Mukuona? Chinthu chikutsata ine, koma woimbidwa mlandu ndine ndemwe.

Litatsala tsiku limodzi kuti lole ibwere, alamu anaganiza zosasula malata ndi matabwa a siling'i, akuti sangasiyire anthu a msewu zinthu zabwinobwino. Anakweza ine, poti ndine wopepuka. Dziwani ichi: siling'i ya bambo inalibe kachitseko kolowera. Anaikhomerera yonse, ndipo misomali inali itachita dzimbiri moti pozula inkalira ngati ana a nkhumba. Chikhomereni, palibe munthu anali atalowamo.

Nditazula thabwa la pamwamba pa chipinda cha amayi n'kulowetsa mutu, ndinaona sitolo. Zinthu zinali zitandandalikidwa pa mtanda wa denga, mwadongosolo, kuyambira zakale kufikira zatsopano. Ndinayamba kutsitsa chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chimene ndinkapatsira alamu, msana wanga unkachikumbuka. Lumo lometera la bambo, lija anandikwapulira ndi lamba mpaka ndinkagona chafufumimba. Nsapato yasukulu ya achemwali. Belu la njinga. Magalasi a abusa, amene anasowa atabwera kudzadya nkhuku kwathu, ine n'kugonekedwa ndi njala, n'kutchulidwa paguwa Lamulungu lotsatira. Ndolo imodzi ya amayi. Ndipo kumapeto kwa mzerewo kunali supuni, chivindikiro cha ketulo, ndi nsapato yakumanzere ya alamu imene inasowa sabata yomweyo, itakutidwa ndi fumbi ndi ukonde wa kangaude mofanana ndi lumo la bambo.

Ndinayembekezera kuti wina apepese. Achemwali anaika manja m'chiuno n'kunena kuti tsopano nkhokwe yanga yapezeka, Mulungu sagona. Ndinawafunsa kuti ndinkalowera pati, poti misomali aimva okha ikulira. Anati kathyali sasowa polowera. Pamenepo ndinatola kanthu kamodzi pamuluwo n'kuwaika m'manja. Inali mphete yawo yaukwati, imene inasowa ine ndili ku Kasungu, kumene ndinakhala zaka zingapo pa esiteti ya fodya osaponda kuno ngakhale pa Khirisimasi. Anaiyang'anitsitsa. Kenaka anati ndiye kuti ndinabwera mozemba n'kubwerera. Kuchoka ku Kasungu, anthuni, kudzaba mphete, kuibisa m'denga lokhomedwa, n'kubwerera kukasankha fodya m'mawa mwake.

Ndinakweranso ndi mkwiyo kuti ndione ngati kwatsala china. Pakona, pamene denga limakumana ndi khoma, panali kamtolo kokulungidwa m'chitenje chakale, cha maluwa amene sapezekanso masiku ano. Zonse m'mwambamo zinali ndi fumbi, ikako kanalibe. Ndipo pa fumbi la pamatabwa panali tinjira tosalala, ngati pamene pamadutsa chinthu chogubuduka, topita kuchipinda chilichonse cha nyumbayo. Kanjira kosalala kuposa tonse kankathera pamwamba pa pamene ndinkagona ine.

Kamtoloko kanali kolemera ngati mwana, ndipo kanali kofunda. Alamu anati ndi kutentha kwa malata, koma anakana kukalandira. Achemwali ndiwo anamasula. M'katimo munali mvunguti, chipatso chachitali chija chimalendewera m'mitengo yakudambo, wouma koma wosafumbwa, utavekedwa kamalaya ka khanda ndi kachipewa koluka, kofanana ndi kaja ka m'sutikesi. Achemwali anaugwetsa. Unagubuduka pasimenti, gudubu, gudubu, n'kudzaima paphazi langa.

Alamu ndiwo anayamba kulankhula, akuti akaitane azakhali, ndipo anathamanga okha, munthu amene sathamangira ngakhale minibasi.

Azakhali aNangozo ndi mlongo wawo wa bambo. Musaganize za munthu wofatsa ayi; ndi mayi wa m'kamwa moyaka, amene amathamangitsa zidakwa ndi chikuni chamoto. Anafika akutukwana kuti tawasiyitsa mgolo pamoto. Ataona mvunguti uja anasiya kutukwana. Anakhala pansi pasimenti, n'kuvula mpango, n'kuyambanso kutukwana, koma tsopano ankatukwana malemu mchimwene wawo.

Anatiuza kuti ine sindinabadwe ndekha. Tinabadwa awiri, mapasa, ndipo mnzangayo anamwalira tisanayambe kukwawa. Achemwali anali kamwana, sakanakumbuka. Kwathu mwana wamapasa samulira mokweza, ndipo wotsalayo samuuza, n'chifukwa chake nkhaniyo inakwiriridwa. Koma pali mwambo wake. Mmodzi akatsogola, amatenga mvunguti, n'kuuveka chovala cha wotsalayo, n'kuugoneka pambali pake m'manda, kuti akatembenuka azimva fungo la mnzake n'kumati tidakali limodzi. Akapanda kutero amadzuka kukamufuna. Azakhali ndiwo anakathyola mvungutiwo, ndiwo anauveka kamalaya kanga. Koma bambo anali atangosankhidwa kumene ukulu wa mpingo, ndipo anaimirira pakhomo n'kunena kuti zachikunja sizipita kumanda kwa mwana wawo. Analamula amayi kuti akautaye kudzala. Tsono ndi mayi uti angataye kudzala chinthu chovala malaya a mwana wake wamoyo? Amayi anaubisa m'denga, amisiri akukhoma siling'i sabata yomweyo.

"Ndiye mnzakoyo anatsata fungo n'kubwerera kunyumba," anatero azakhali, akundiloza ndi ndodo. "Ndipo mapasa sapatsa mmodzi. Ukapatsa uyu, upatsenso uyo. Inu munkadya, munkavala, iye ankamupatsa ndani? Ankadzitengera yekha."

Pamenepo ndinakumbukira zinthu zimene ndinkaziona osazimvetsa. Amayi akandipatsa mbatata, ankanyema chidutswa n'kuchiika pamwamba pa kabati, akuti ndi cha makoswe kuti asadye zovala. Bambo akamandikwapula, amayi sankayang'ana ine, sankayang'ananso bambo. Ankayang'ana m'mwamba. Ankadziwa. Zaka zonse zija ankadziwa wakuba, ine ndikuvina ndi lamba.

Anthuni, nthawi imeneyo sindinachite mantha. Ndinapsa mtima. Nkhuyu zodya mnzanga zinkapota ine, mwini wake ali phee m'denga, mwina akuseka. Ndinatembenukira achemwali n'kuwauza kuti tsopano apepese, pamaso pa azakhali. Anandifunsa ngati chule amene anapezeka m'ndowa ya madzi akumwa tsiku la chinkhoswe chawo anaikidwanso ndi wam'dengayo. Ndinati chule ndi nkhani ina. Anati basi, milanduyo tigawane pakati, theka langa theka lake, ndipo kupepesa kwa theka kulibe. Kenaka anauma nkhope n'kunena kuti iwo mizimu sapita nayo ku nyumba yatsopano. Ndikonze zimenezi lole isananyamuke, apo ayi nditsale naye mbale wangayo tizisungana.

Azakhali anandipatsa malangizo. Ndipite ndekha m'mamawa, wopanda nsapato, kumalire kwa manda kumene amaika ana. Pansi pa mtengo wa mpoza pali kamulu kopanda mtanda. Adzukulu osamala manda, azakhaliwo akawauza okha. Ndikumbe pambali pake, ndikulunge mvungutiwo m'chovala changa cha tsiku ndi tsiku, chimene chamwa thukuta langa, poti m'kamalaya ka khanda fungo linatha kalekale. Ndiugoneke, ndikwirire, osalankhula, osacheuka. Anawonjeza kuti zivute zitani ndisadzaonane naye maso ndi maso, chifukwa mapasa olekana akaonana amatengana. Ndinawafunsa kuti chovala chake chiti. Anakweza ndodo n'kugunda jekete langa pachifuwa.

"Limeneli."

Ndinangoti chabwino.

Madzulo amenewo achemwali ndi alamu anakagona kwa aneba, akuti nyumba yosasulidwa imalowa chisanu. Ine anandisiya kuti ndilondere katundu. Kusanade bwino ndinakhala pakatoni moyang'anana ndi mvunguti uja n'kuyamba kuuwerengera milandu yake. Ndinati ngati ndiwe mbale wanga, bwenzi tsiku la magalasi a abusa utagwetsa magalasiwo pansi kuti anthu aone. Ndinati ine ndikapusitsa munthu ndimaonekera, iwe ndi kathyali wamantha. Nditatopa ndinayamba kuimba mluzu, kanyimbo kanga kaja kamene ndinapeka ndekha ndili mwana, kamene ndimaimba ndikamakonza zanga. Ndinalekeza pakati kuti ndimeze malovu. Kuchipinda kwa amayi, kopanda katundu, kopanda ngakhale denga, wina anakamaliza. Mluzu wanga weniweni, ndi kuphonya komwe kuja kwa pa dzino langa loguluka.

Ndinakagona kuchigayo.

Ndili chigonere pa matumba a gaga ndinaganiza. Jekete ngati limenelo, lachikopa, kulikwirira m'dothi kuti chiswe chidye? Chifukwa cha munthu amene wandidyetsa malamba moyo wanga wonse? Munthu woti anafa asanakwawe, jekete akulidziwa? Musandiyang'ane choncho, nonsenu mukanaganiza zomwezo. Ndinati uyu ndi kathyali, nanenso ndine kathyali, koma ine ndinapitako kusukulu.

Lole inafika dzuwa lisanatuluke bwino. Tinakweza katundu, dalaivala akung'ung'udza kuti ali ndi ulendo wina. Kutsogolo kunali kwa achemwali ndi alamu. Malo anga anali pamwamba, pa sofa ya bambo. Ndinatenga malaya akale a alamu pa mulu wa sanza, n'kuwapaka bwinobwino m'khwapa mwangamu, n'kukulungira mvunguti uja. Jekete ndinalivula mobisa n'kuliyala pasofa, monga timachitira m'minibasi ukatsika kukagula chimanga chootcha: chovala ndicho chimasunga malo. Achemwali atandiona ndilibe jekete, nditanyamula kamtolo, anagwedeza mutu kuti ndachita bwino. Anati ndifulumire, andidikira.

Popita, mvunguti uja unkalemera ngati mwana wogona tulo. Ndinasintha mapewa kangapo. M'njira monse sindinakumane ndi munthu, ngakhale mbalame sizinkalira. Kamulu kaja ndinakapeza, ndinakumba, osalankhula. Koma ndikuugoneka m'dzenjemo ndinamva kuti wapepuka ngati chikho chopanda kanthu. Ndinati eya, wavomera, wagona. Ndinakwirira n'kupondaponda, mumtima ndikudzitama kuti ndapusitsa ngakhale akufa.

Pobwerera sindinacheuke, monga anandiuzira. Sikunali kofunika. Zoyenera kuona zinali kutsogolo. Panjira ya mchenga ija panali mapazi anga opita kumanda, ndipo pamwamba pake panali mapazi ena obwerera kumudzi, a msinkhu wanga, a chala chachikulu chopindika ngati changa, otalikirana ngati a munthu wothamanga.

Nanenso ndinathamanga. Pamsewu ndinapeza makoma okha ndi fungo la dizilo. Mayi Nachisale atandiona anaimirira mwadzidzidzi, tomato n'kumwazika. Anati ndinabwera ndikuthamanga, n'kukwera lole, n'kuvala jekete, n'kukhala pasofa, ndipo lole ikunyamuka ndinawakwezera dzanja n'kuwauza kuti atsale bwino, Mulungu awadalitse. Anati pamenepo ndi pamene anadabwa, chifukwa ine chibadwire sindinawadalitsepo.

Ndinawabwereka foni n'kuimbira achemwali. Ndinati imitsani lole, mwandisiya.

"Iwe Yotamu, tisanafike n'komwe wayamba kale chibwana? Ndikukuona pagalasi apa, uli pasofa ndi jekete lomwe unati ukukakwirira. Foniyo watenga ya ndani? Tikambirana tikafika."

Anadula.

Azakhali atamva sanandikalipire. Anangondifunsa kuti jekete ndinaliika pati. Nditawauza anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kopanda chimwemwe. Anati munthu wadikira gawo lake zaka zonsezi, ndiye iwe ukamuyalira malo pasofa ndi fungo lako lomwe, umati akane? Ndinati mlandu ndi wawo, akanandiuza kuti khanda limadziwa kusiyanitsa khwapa la munthu ndi malaya a alamu. Anandiponyera chikho.

Ku Balaka ndinapita, musaganize kuti ndinangokhala. Patapita masabata angapo ndinakwera lole ya makala n'kufika dzuwa litapendeka. Ndinaima pampanda. Pabwalo panali posesedwa bwino, maluwa atabzalidwa m'zitini. Pachingwe panali jekete langa, lochapidwa. Lochapidwa ndi sopo, jekete lachikopa. Achemwali anatuluka ndi beseni n'kundiona, osadabwa ngakhale pang'ono. Anandifunsa kuti ndatulukira pati, poti angondisiyira tiyi kuchipinda kwanga. Ndipo anandilankhula ndi mawu ofewa amene sanandilankhulepo nawo chibadwire. Anati chisamukireni ndasanduka munthu. Sindiyankha mwano, ndimatunga madzi osatumidwa, palibe ngakhale supuni imene yasowa, ndipo alamu akuganiza zondigulira njinga. Chowadandaulitsa chokha n'chakuti ndimakhala chete kwambiri.

Ndinawauza kuti ameneyo si ine. Ndinawauza zonse, za malaya a alamu, za mapazi a pamchenga, za shedi ya azakhali imene ndikugonamo. Anaseka n'kunena kuti ayi ndithu, chibwana chako chabwererako pang'ono, tinayamba kuchisowa. Ndinati tiyeni tikatsegule limodzi muone nokha. Anati ali ndi zochapa, chipinda ndi changa, ndikatsegule ndekha.

Ndinazungulira kuseri kwa khitchini. Kachitseko kanali kotseka, kopakidwa penti yobiriwira, ndendende mmene ndinkakalotera. Pansi pake pankatuluka fungo la tiyi wamkaka. M'katimo supuni inkazungulira m'kapu yamalata, kenaka inaleka. Ndinaika dzanja pa chogwirira. Ndipo mluzu unayamba, pang'onopang'ono, kanyimbo kanga kaja. Unafika pakati n'kulekeza, kundidikira kuti ndimalize.

Sindinamalize. Ndinachotsa dzanja n'kutuluka pampanda osatsanzika.

N'chifukwa chake mukundiona pano, ndikuotha moto wa eni ake, ndikugona m'shedi ya azakhali pakati pa migolo ya kachasu. Malamba ndinadya ine, tiyi wamkaka akumwa iye. Ndipo chimene chimandiwawa koposa si chipindacho ayi. N'chakuti wavala nkhope yanga n'kukakhala nayo munthu wabwino, moti achemwali anga, obadwa nawo bere limodzi, akusangalala ndi iyeyo. Mluzu ndinasiya kuimba. Wina wa inu akadzapita ku Balaka n'kundiona ndikusesa pabwalo, asayandikire, asapereke dzanja. Angomuuza ali kumpanda kuti chipinda atenge, njinga atenge, koma jekete lija asiye kulichapa ndi sopo.